Kachubu ka a Kalua

Ku Phwezi konse, kuyambira pa msewu waukulu mpaka kumtunda kumene minda ya khofi imathera, kunalibe munthu amene khosi lake silinapopedwepo ndi a Overton Kalua. Ngati mukuyesa ndikukokomeza, kafunseni abusa, kafunseni ogulitsa tomato, kafunseni akwati amene anamangitsa ukwati zaka zimenezo. Mkuluyu ankayenda ndi kabotolo kokhala ndi timachubu tiwiri pachitsekerero. Kachubu kamodzi kankakhala kukamwa ngati kaliwo, kanzake kankasaka. Kachilombo kakangotera pa kolala ya malaya anu, mumangomva kuti fyuu! pafupi ndi khutu, ndipo mukacheuka mumapeza nkhalamba ya jekete lothothoka ikusuzumira m'botolo, inu osakupatsani ndi moni womwe.

"Pepani chomene," ankatero pambuyo pake. "Ndi wamkazinso."

Sankapepesa chifukwa chokupopani ayi. Ankapepesa chifukwa choti ndi wamkazi.

Matenda amenewa anawatenga akadali mphunzitsi wa sayansi, ataperekeza katswiri wina wa ku Ulaya amene anabwera kudzafufuza tizilombo m'nkhalango za kumtunda. Akanatengera njuchi bwenzi akazi awo atanyambitako uchi. Koma iwo anatengera tiudzudzu tosaluma, tochepa kuposa njere ya mpunga, tokhala m'malo a chinyontho, toikira mazira m'bowa ndi m'zipika zowola. Kwa ine ndi inu tonseto n'timodzi. Mukanena mawu amenewa a Kalua alipo, ndiye kuti mwaputa mavu. Ankakukhazikani pansi, kukugwiritsani galasi lokulitsa zinthu, n'kuyamba kukuonetsani pamene mtsempha wa phiko wachita mphanda, mfundo za tinyanga, ubweya wa pa katumba. Munthu wopita kuchigayo ankafika chigayo atatseka.

Akazi awo, a Mabel, amene mudzi wonse unkawatcha NyaHarawa, anataya chipinda chodyera kalekale. Mashelefu a mbale anadzaza ndi timabotolo, kalikonse ndi kapepala kake kolembedwa bwinobwino: malo, tsiku, mtundu. Mitundu yonse inapeza mayina ake m'mabuku, kupatula umodzi. Umenewu unali wa miyendo yachikasu, wa madontho awiri akuda pa phiko lililonse, ngati pamene simbi yawotcha malaya. Unkapezeka malo amodzi okha, m'kankhalango ka m'chigwa cha Chamathipa, kumtunda kwa mudzi wawo. Nthawi zina mphepo inkautsitsira kumudzi, ndipo n'chifukwa chake makosi a anthu sankapuma.

A Kalua anatumiza atatu kwa katswiri uja. Yankho linafika mu 1994, mwezi wa chisankho. Linati mwina mwapeza mtundu umene palibe amene anaulembapo, koma onse mwatumizawa ndi aakazi. Tizilombo timeneti timadziwika ndi wamwamuna, pakuti kumchira kwake kuli tingowe tiwiri tosiyana mtundu ndi mtundu, monga amasiyanira makiyi. Popanda wamwamuna palibe dzina. Tumizani wamwamuna.

Dziko lonse linali pa mzere wovota. A Kalua anali chogwada ku Chamathipa.

"Ndikam'peza, NyaHarawa, mtundu wonsewu udzatchedwa dzina lanu," anatero. "Lidzalembedwa m'mabuku, m'Chilatini."

"Anzanga amuna awo amawagulira zitenje. Ine ntchentche."

"Si ntchentche."

"Bambo a Isabella, chouluka chosadyedwa ndi ntchentche basi."

Chaka chinatha, zaka zinatha. Aakazi anafika makumi asanu, kenako zana. Wamwamuna osaoneka. A Kalua ankati mwina amauluka m'mwamba mwa mitengo, ndipo anakwera mtengo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kutsika ndi nthambi yomwe. A NyaHarawa powathowa msana ndi madzi otentha anapereka maganizo awo a sayansi.

"Mukuvutika chabe. Amuna ake ali ku Joni, ngati amuna a m'mudzi muno. Adzabwera pa Khirisimasi ndi wailesi."

Mayiyu anapirira zambiri. Anapirira Sabata lina pamene abusa a Msiska anati titsinzine tipemphere, pemphero lili mkati kachisi yense n'kumva fyuu! kuguwa, abusa n'kuiwala pamene anali mpaka kupempherera odwala kawiri. Anapirira pa ukwati wa mwana wawo Isabella, pamene bambo a mkwatibwi anapopa chophimba kumutu cha mwana wawo yemwe, wojambula n'kujambula zomwezo. Koma lamulo limodzi anaika, ndipo silinasunthe: kumaliro kachubu kazitsala kunyumba. Uthenga wa maliro ukangofika, a NyaHarawa ankaima pakhomo dzanja lili chotambasula. A Kalua ankapereka kachubu ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba, n'kupita kumanda manja ali m'mbuyo, maso ali pansi.

Atapuma ntchito ya uphunzitsi, spiriti wosungiramo tizilombo anasowa. Apa ndi pamene a Kalua, amene anali mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri, anaoneka m'mawa kukucha akutuluka kwa mayi wotcheza kachasu, botolo lili m'khwapa. Komanso sanagule wamba. Anaitanitsa mutu weniweni, uja woyamba kudontha, ati winayo ndi wamadzi, amawoletsa mapiko. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo botolo lisanafike kunyumba.

Tsiku la mlandu a Kalua anabwera ndi katoni ya timabotolo. Anayamba ndi kupumira mkulu aliyense kumaso kuti anunkhize. Kenako anatulutsa galasi lija.

"Kuti mumvetse chifukwa chake ndikufuna mutu, tiyambe ndi mtsempha wa phiko."

Patatha maola awiri ndi theka, akulu a mpingo anawapeza osalakwa, onse mogwirizana, ena ataima kale pakhomo. Anangowapempha kuti kachasuyo azikagula ku Bolero, kumene sakudziwika. Anaiwala kuti munthu wopopa makosi amadziwika paliponse.

Koma choopsa chinachitika chaka chimene kunamveka mphekesera za anamapopa kum'mwera. Boma linali litangotumiza kuno mlangizi wa zaulimi, a Donald, kwawo ku Mulanje, mtima uli m'mwamba ndi nkhani za kumudzi. Tsiku lawo loyamba anakwera matola kuchokera pa boma la Rumphi. Ali m'njira anangomva kanthu kozizira kakukhudza khosi. Pocheuka anaona nkhalamba, kachubu kukamwa, kabotolo m'manja, masaya atalowa m'kati.

"Namapopa! Mayo ine, namapopa!"

Anadumpha galimoto ikuyenda, nsapato imodzi n'kutsala, liwiro la mtondo wadooka kulowa m'chimanga cha eni ake. Anthu a m'galimoto anaseka mpaka dalaivala anaimitsa kuti apukute misozi.

"Bwererani, adada! Awa ndi a Kalua, magazi alibe nawo ntchito!"

"Pepani chomene," anakuwa a Kalua. "Ndi wamkazinso!"

A Donald anakhala kuno zaka zambiri, anazolowera, anakwatira konkuno. Koma sikafu m'khosi sanavule, ngakhale mu Okutobala.

Tiziseka, komatu pamene ife tinkaseka, nkhalango inkatha. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, ena anaumva ngati ufulu wa nkhwangwa. Zigafa za fodya zinkafuna milimo, njerwa zinkafuna nkhuni, makala ankafunika m'tauni. Chamathipa, kumene kale munthu ankalowa masana n'kumva kuzizira, kanayamba kuoneka mbali ina ukaima mbali ino. A Kalua ankathamangira kulikonse kumene nkhwangwa yalira.

"Mwana wanga, mtengo uwu usiye chaka chimodzi chokha. Muli mtundu wosalembedwa."

"Aphunzitsi, ana anga adya mtundu wosalembedwa?"

Ana a munthuyo a Kalua ankawadziwa, anawaphunzitsa okha. Anayamba kututa zipika zowola kupita nazo kunyumba, kuziika kuseri kwa bafa, kuzithirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba. Zinabala chiswe, chiswe chinadya chitseko cha bafa, wamwamuna osabwera.

Kenako maso anachita ng'ala. Ichi ndicho chinawathyola. Tsiku lina a NyaHarawa anawapeza atagwira galasi pa kabotolo kopanda kanthu, akuwerenga mfundo za tinyanga ta kachilombo kamene kanalibe. Mayiyo anaima pakhomo nthawi yaitali, mtima ukuwawa. Kenako anapukuta manja pa chitenje, n'kukoka mpando.

"Bweretsani kuno galasilo. Mwati tingoweto timaoneka bwanji?"

Kuyambira pamenepo, mayi wolemekezeka wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, wa bulauzi yoyera yosadziwa banga, ankakwawa m'matope a Chamathipa pambuyo pa amuna ake. Anaphunzira mphanda ya mtsempha. Anaphunzira kuti wamkazi kumchira n'kosongoka, ndipo wamwamuna kuyenera kukhala kotupa, kwa tingowe. Iwo ankaona, n'kulondolera dzanja la amuna awo, a Kalua n'kupopa. A NyaHarawa ankadandaula njira yonse, kupita ndi kubwera, koma tsiku limene mvula yawaletsa kupita ankasowa mtendere ndi iwowo. Aakazi anapitirira mazana awiri. Kalata za katswiri uja zinayamba kubwera ndi zilembo zonjenjemera, ndipo yomaliza inangoti, fulumirani, bwenzi langa, tonse takalamba.

Mu Febuluwale wa 2008, m'chigwa munatsala mitengo khumi ndi umodzi, ndipo mwini malo anali atanena kale kuti Lolemba ikugwa. Madzi anafika m'khosi. A Kalua sankadya, ankangoyendayenda pabwalo akuyankhula okha.

Tsono pali kanthu kamene sindinakuuzeni za kachubu kaja. Kumapeto kwa kachubu ka kukamwa, m'kati mwa botolo, kumamangidwa kansalu kopyapyala, kuti chimene wapopa chitsakamire m'botolo, chisapitirire kukhosi. Kansalu ka a Kalua kanali katamwa mpweya wawo zaka khumi ndi zinayi. Lachisanu lake a NyaHarawa anakaona, kakuda bii, konunkha. Mkazi waukhondo, woleredwa pa mishoni, amene ankachapa ndi zingwe za nsapato zomwe, akanatani? Anakamasula, kukachapa ndi sopo, kukayanika pachingwe pakati pa masokosi. Mvula itayamba anathamangira kukaanula ufa, kansalu n'kuiwalika.

Loweruka m'mawa kunacha ndi nkhungu. Pa chipika chowola, pamwamba pa bowa wofiirira, a NyaHarawa anaona miyendo yachikasu. Madontho awiri pa phiko. Anayandikitsa galasi. Kumchira kunali kotupa, ndipo tingowe tiwiri tinali poonekera ngati pulayala.

"Bambo a Isabella," ananong'ona. "Musapume."

"N'chiyani?"

"Wabwerako ku Joni."

Nkhalamba inagwada pang'onopang'ono, misozi ili kale m'masaya. A NyaHarawa anagwira dzanja lawo, kulondolera kachubu mpaka pafupi penipeni. A Kalua anasonkhanitsa mpweya wa zaka khumi ndi zinayi.

Fyuu!

Kenako kunamveka kakhosomo kamodzi, kakang'ono. Kenako kumeza.

A NyaHarawa anayang'ana m'botolo. Munalibe kanthu. Anayang'ana kumapeto kwa kachubu, n'kuona pamene panayenera kukhala kansalu pali mbee.

"Ali m'botolo?" anafunsa a Kalua, mawu ali ang'onoang'ono. "NyaHarawa, ndiuzeni kuti ali m'botolo."

Zimene zinatsatira mudzi sudzaiwala. Zala kukhosi, pomwepo m'nkhalango. Kunyumba, madzi a mchere makapu anayi ndi beseni loyera, a NyaHarawa ali chogwada ndi galasi, akufufuza zimene mkazi aliyense sayenera kufufuza. Kenako njinga ya kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono.

"Chakulumani m'kati?" anafunsa dokotala.

"Sichiluma. Ndikufuna muchitulutse chathunthu. Mutu ngati uwonongeke uwonongeke, koma kumchira musakukhudze."

"Adada, kachilombo kochepa choncho kasungunuka kale."

"Ndiye ng'ambani msanga!"

Anawapatsa panado. Madzi akatayika saoleka. Lamulungu anabwerera ku chipika chija kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kachisi osapita, koyamba m'moyo wawo. Sanaone kanthu. Lolemba nkhwangwa zinalira, ndipo pofika Lachinayi m'chigwa cha Chamathipa munali dzuwa lokhalokha.

A Kalua sanafunse za kansalu. Sanakalipe, sanatchule. Ankapitabe kuchigwa m'mawa uliwonse, kukhala pa chitsa, kachubu kukamwa, kupopa chilichonse chimene chalira pafupi: ntchentche za ng'ombe, phulusa la makala, mphepo. Anthu odutsa anasiya kuseka, ankangopatsa moni motsitsa mawu. A NyaHarawa anasoka kansalu katsopano, kophatikiza kawiri, n'kukamanga mwakachetechete. Koma mawu anawakanika. Chaka chathunthu chinthucho chinawakhala pachifuwa ngati mwala wa mphero.

Mvula ya chaka chotsatira itafika pachimake, a Kalua anagona osadzukanso bwino. Masana ena, Isabella atapita kukatunga madzi, a NyaHarawa anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Bambo a Isabella, kansalu kaja ndinachotsa ndine. Ndinakachapa."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndinakapeza pachingwe madzulo ake omwewo, ndikufuna masokosi. Kankanunkhira sopo." Anapuma pang'ono. "Munakachapa bwino chomene. Ine ndinalakwa, munthu wa sayansi amayang'ana zida zake asananyamuke. Chondiwawa n'chimodzi, NyaHarawa. Zitenje sindinakugulireni, ndipo ntchentche yomwe ndalephera."

"Si ntchentche," anatero a NyaHarawa, akulira.

Anatisiya Lachitatu lake.

Manda a banja la a Kalua ali kumutu kwa chigwa chomwecho, ndipo ndi malo okhawo amene nkhwangwa sinafikeko. Ndani angadule mtengo wa kumanda? Ndani angatole nkhuni kumeneko, kapena kuzula bowa wake? Mitengo imagwa yokha n'kuwolera pomwepo, ndipo munthu salowamo popanda maliro. Tsiku loika, a NyaHarawa analowa m'mitengomo atagwiriziridwa ndi amayi a Umanyano uku ndi uku, nsalu ili kumutu. M'chitenje anali atamangirira kachubu ndi galasi lake, kuti aziponye m'manda zipite ndi mwini wake.

Anawakhazika pamphasa pafupi ndi dzenje. Kunali kozizira, konunkhira chinyontho, fungo limene mphuno zawo zinali zitaliiwala. Adzukulu pokumba anali atagubuduza chipika chachikulu chowola, chodzaza bowa wofiirira. Nyimbo ili mkati, mayi wamasiye anakweza maso pang'ono, n'kuona tinthu tikuvina m'kuwala kodutsa m'masamba. Kamodzi kanatsika, kanazungulira, n'kutera pa kolala yoyera ya abusa a Msiska. Miyendo yachikasu.

Abusa anali atangokweza dzanja kuti anene za dothi kubwerera kudothi.

Fyuu!

Nyimbo inaduka pakati. Khamu lonse linangoti kakasi. Ena kumbuyo anayamba kubwerera chafutambuyo, poyesa kuti malemu adzuka. Koma anali mayi wamasiye, nsalu itagwa kumutu, ataimirira chala chimodzi pa phewa la abusa, akusuzumira m'botolo ndi galasi.

"Amama!" anakuwa Isabella. "Amama, pamaliro!"

"Wamwamuna," anatero a NyaHarawa. Anayang'ananso. "Tingowe tonse tiwiri. Wamwamuna, Chiuta wane!"

Anayang'ana m'mwamba, m'kuwala muja. Analipo ambiri, makumimakumi, akuvina pamwamba pa bokosi. Apa ndi pamene chinawafika pamtima, ndipo kulira kumene analira sikunali kwa mwambo ayi.

"Anali kuno nthawi yonseyi! Maliro angati tabwera kuno, bambo a Isabella? Maliro angati, ine ndikukulandani kachubu pakhomo?"

Palibe amene anaseka. Abusa a Msiska, amene khosi lawo linazunzika zaka zonsezo, anaima chilili osagwedezeka, buku lili m'manja, n'kunena chapansipansi, "Amama, pa dzanja langa lamanzere pateranso wina. Fulumirani, ndisanatope."

Anagwira asanu ndi mmodzi tsiku limenelo, mwambo wa maliro utaima, amayi a Umanyano atatambasula mabulauzi awo oyera kuti tizilombo titerepo. Kachubu sikanalowe m'manda. A Donald anavula sikafu, n'kuiponya m'dzenje m'malo mwake.

Isabella anatumiza asanu ku Ulaya. Yankho linabwera patatha miyezi inayi, lolembedwa ndi munthu wina, lonena kuti katswiri uja anamwalira chaka chatha, koma timabotolo tasungidwa bwino ndipo wina adzationa nthawi ikapezeka. Nthawiyo sinapezekebe. A NyaHarawa, amene ankati dzina lawo silingakhale pa ntchentche, amafunsa aliyense wochokera ku positi ngati kuli kalata.

Masiku ano ku Phwezi munthu umatha kupita kuchigayo n'kubwerako nthawi yabwino. Mapemphero amatha bwinobwino, odwala amapemphereredwa kamodzi. Makosi athu ali pa ufulu, ndipo kunena zoona, n'zosasangalatsa. Kachilombo kakatera pa kolala ya mnzako m'matola, umapezeka wasiya kuyankhula, ukudikira kuti fyuu, ndipo sikubwera. Umangokathamangitsa ndi dzanja, osadziwa n'komwe ngati kanali kakamuna kapena kakakazi.

Wachisanu ndi chimodzi uja a NyaHarawa anasunga. Ali pa shelefu ya m'chipinda chodyera, pakati pa aakazi mazana awiri aja, m'kachasu wa mutu amene mayi wa Umanyano anakagula yekha masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene anatsegula pakamwa. Kapepala kake analemba okha: malo, tsiku, mtundu. Pa malo analemba kuti kumanda. Pa mtundu anasiya mpata. Loweruka lililonse amapukuta fumbi pa timabotolo tonse, kamodzikamodzi, ndipo akafika pakatipo amaima, n'kuwayang'ana aakaziwo.

"Inu muli ndi mwayi," amatero. "Wanu anabwera tsiku limene wanga anapita."